Nati Yobulungira pa Pijo ya a Simioni

Sipanala inapulumuka pa nati, Gilford n'kukagwa chagada mumchenga. Atadzuka anapeza zala zitasupuka, magazi akusakanikirana ndi dzimbiri.

"Manja a choko amenewo," anatero a Macloud, bambo ake aang'ono, amene kuyambira m'mawa ankathandiza ntchitoyi ndi pakamwa pokha. "Ponda ndi mwendo, mwana iwe. Ife ku usilikali matayala a malole tinkamasula ndi chidendene."

Gilford anayamwa chala chake n'kuyang'ana tayala lakumbuyo la Pijo, galimoto ya bambo ake yonyamulira nsomba, lomwe linali litaphwa mpaka chitsulo kukhudza pansi. Bambo akewo, a Simioni, anawaika m'manda Lachitatu. Tsiku lotsatira abale anameta, n'kusudzula mkazi wa malemuwo, a Ajira, kuti ukwati watha, abwerere kwawo ku Katuli. Abale a mayiwo anali atatsogola kale pa lole imene inapezeka, poti galimoto za ku Katuli sizioneka tsiku lililonse, ndipo a Macloud anawalonjeza kuti mlamu wawo adzamubweretsa ndi katundu wake yemwe. Ndiye dongosolo linali loti Gilford akatule a Ajira lero, akasiye galimoto ku Monkey Bay kwa a Macloud, kenako athamangire basi yobwerera ku Dowa kumene ankaphunzitsa. Chimene chinkachedwetsa zonsezi ndi tayala limodzi lokha, koma tayalalo linali litakana.

A Ajira anakhala pakhonde pambali pa katundu wawo, mpango wakuda kumutu, maso ali pa manja awo. Panali mphasa, ndowa, sutikesi ya malata ndi mapoto omangidwa m'zitenje. Zaka zonse zimene anakhala pakhomopo zinakwana m'mitolo yoti munthu mmodzi akhoza kututa yekha.

Gilford ankapewa kuyang'ana kukhondeko. Iye anali mwana wa a Enelesi, mkazi woyamba, mayi amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi. A Enelesi atamwalira, a Simioni sanachedwe kubweretsa mayi wachisilamu ameneyu, yemwe anamupeza akugulitsa zitumbuwa padooko la nsomba pafupi ndi Makokola. Gilford zinamuipira, ndipo atamaliza maphunziro a uphunzitsi anapempha yekha kuti amutumize kutali. Anzake akamufunsa chifukwa chake sapita kwawo pa tchuthi, ankati Dowa ndi Mangochi si pafupi. Anainena nkhani imeneyi kambirimbiri moti nayenso anayamba kuikhulupirira.

Tayala la Pijo limagwidwa ndi manati atatu okha, koma manati amenewa anali atamwa madzi a nsomba kwa zaka zambiri. Ulendo uliwonse wa ku Limbe, madzi a m'madengu a chambo ndi utaka ankadontha kumbuyoko, fumbi n'kumatirira, dzimbiri n'kumalizitsa. Amuna amene anatsalira pasiwa anazungulira galimotoyo, ndipo mwadzidzidzi aliyense anasanduka makaniko. Wina anati athire kokakola, wina anati asonkhepo moto wa makala, wina n'kumufunsa ngati kwawo matayala amapangidwa ndi dothi. Pomaliza anagwirizana za parafini. Gilford anathira pa nati iliyonse, onse n'kukhala pansi kudikira kuti alowerere.

Kenako wina anabweretsa paipi yaitali ya mjigo wakale. Anaiveka ku chigwiriro cha sipanala, Gilford n'kukwera kumapeto kwake atagwira denga la galimoto. Paipi inapindika pang'ono, iye anadumphapo, ndipo nati yoyamba inalira ngati chitseko cha nkhokwe, n'kugonja. Anthu anaombera m'manja mpaka anakumbukira kuti ali pamaliro. Yachiwiri inafuna parafini wina ndi nyundo pa sipanala, koma nayo inatsatira inzake. Gilford anapukuta thukuta, n'kuika sipanala pa nati yachitatu. Sipanalayo inangozungulira yokha osagwira kanthu.

Anagwada kuti aone bwino. Nati imeneyi sinali ngati zinzake. Inali yobulungira, yosalala, yopanda kona ngakhale imodzi, ndipo pankhope pake panali timabowo tiwiri.

"Aa, ndinaiwala," anatero a Macloud. "Nzeru za achimwene zimenezo. Chaka chijachi akuba anawamasulira matayala pa msika wa Limbe, n'kuwasiyira galimoto ili pa njerwa. Ndiye anakapangitsa manati amenewa kwa mmisiri wina kuboma, tayala lililonse imodzi. Ali ndi kiyi wake, kachitsulo kokhala ndi mano awiri. Iwe sukudziwa?"

Gilford nkhani ya akubayo ankaimva koyamba. Amuna onse ozungulira galimotoyo ankaidziwa, ena mpaka kutchula mwezi wake, ndipo iye yekha, mwana woyamba wa malemu, ndi amene ankamvetsera ngati mlendo. Anachita manyazi, ndipo pofuna kuwabisa anati akafufuza kiyiyo m'nyumba.

Kuchipinda kwa bambo ake anapisa m'matumba a jekete, m'chitini cha misomali, pamwamba pa khoma. Atasuzumira pansi pa bedi anapeza nsapato. Zinali nsapato zachikopa za a Simioni, zimene ankavala popita kutchalitchi, koma zonse ziwiri zinali zitang'ambidwa ndi mpeni kuchokera pa zingwe mpaka ku zala. Gilford anazitembenuza m'manja mwake kwa kanthawi, kenako anatuluka nazo pakhonde.

"Nsapatozi anazing'amba ndani?"

"Eni ake," anayankha a Ajira motsitsa mawu. "Miyendo inkatupa. Sizinkalowa."

"Kuyambira liti?"

"Mvula ya chaka chatha isanayambe."

"Ndiye bwanji simunandidziwitse? Uthenga umene ndinalandira unkangoti bambo amwalira."

"Anakana, aphunzitsi. Ankati mwana ali pa ntchito ya boma, musamuvutitse."

Gilford anafuna kufunsanso, koma a Macloud anali atafika kale, akupukuta manja amene sanagwire kanthu.

"Alamu, tisataye nthawi. Kiyi wa matayala ali kuti?"

A Ajira anayang'ana pansi. A Macloud anafunsanso, mokweza, ndipo yankho linali lomwelo.

"Mwaona? Munthu akakhala chete chonchi ndiye kuti akudziwa. Masulani mitoloyi."

Amayi awiri a pabanjapo anamasula zitenje. Mapoto anagubuduzika mumchenga, sutikesi inatsegulidwa, zovala zam'kati za mayi wamasiye zinakutumulidwa pamaso pa amuna. Gilford anaima pomwepo nsapato zili m'manja. Ankadziwa kuti zimene zikuchitikazo ndi zoipa, ankadziwanso kuti mawu amodzi a mwana woyamba akanatha kuziletsa, koma anangoonerera. Kiyi sanapezeke, ndipo palibe amene anapepesa. A Ajira anatola zinthu zawo okha, akukuntha mchenga chimodzi chimodzi.

"Basi, tiiphwanya," anatero a Macloud. Anaitanitsa tchizulo ndi nyundo yaikulu, ndipo ulendo uno anafuna kuonetsa anthu kuti usilikali sunawathere. Anakhazika tchizulo m'mphepete mwa nati n'kumenya. Chinthu chobulungira sichigwirika, choncho tchizulo chinaterereka n'kukalasa chitsulo cha gudumu, penti n'kuthothoka. Anamenyanso, galimoto yonse inanjenjemera, ndipo nyundo inakaphonyera pa bodi n'kusiya chibonyo. Anakweza mkono kachitatu.

"Basi, alamu. Musaimenyenso."

A Ajira anali ataimirira. Anapisa dzanja m'khosi mwa bulauzi n'kukoka chingwe chakuda, ndipo kumapeto kwake kunkalendewera kachitsulo kafupi ka mano awiri, kowala chifukwa chokhuzana ndi thupi.

"Si ndinanena!" anakuwa a Macloud, akutembenukira kwa anthu. "Tsiku lonse tikuvutika, munthu kiyi ali naye pachifuwa. Mukanachedwa pang'ono akanapita nayo galimoto yomwe!"

A Ajira sanawayang'ane. Anakagwada pa tayalalo, analowetsa mano a kiyi m'timabowo, n'kugogoda pang'ono ndi chikhatho kuti akhale bwino. Anapisa kamtengo kachitsulo pa bowo la kiyiyo, anagwira bodi ndi dzanja limodzi, n'kutsamiritsa thupi lonse pa phazi. Nati inatembenuka mosavuta. Anaimaliza ndi zala, anaiuzira, n'kuiika pa nsonga ya chitenje chawo kuti isadye mchenga.

Gilford anagwada pambali pawo ngati akukonza jeke, n'kufunsa chapansipansi kuti ena asamve.

"Munatisiyiranji tikuvutika kuyambira m'mawa? Mpaka kukumasulirani mitolo, inu muli chete?"

"Tayala ili likachoka, nanenso ndichoka," anatero a Ajira. "Ndimati mwina mulephera, ndigonemonso kamodzi m'nyumba ija fungo lawo lisanathe. Koma kuti muziimenya ndi nyundo ine ndikuona, walahi, sindingathe."

Mawu amenewa anamulasa Gilford, koma tinene zoona, sanamusinthe nthawi yomweyo. Munthu amene wathawa kwawo kwa zaka zambiri sabwerera ndi chiganizo chimodzi. Anakweza jeke, anachotsa tayala lophwalo n'kuliponya kumbuyo, anaveka sipeya, anamanga manati onse, ndipo a Ajira anamupatsa kiyi uja ndi chingwe chake chomwe. Amayi anakweza mitolo. A Macloud, amene galimoto ankaifunitsitsa ngakhale kuti chiwongolero anali asanachigwirepo chibadwire, analengeza kuti iwo akhala kutsogolo, mlamu akwere kumbuyo ayang'anire katundu wake. A Ajira anakwera n'kukhala pa tayala lija nkhope italoza kunyumba.

Gilford anatsegula chitseko cha dalaivala n'kuponya mwendo mkati. Bondo lake linagunda chiwongolero. Anayesa kulowa chammbali, koma chifuwa chinatsala pang'ono kukhudza hutala. Iye anatengera msinkhu wa bambo ake, ndipo a Simioni anali munthu woti polowa m'nyumba za anthu ankawerama. Anapisa dzanja pansi kuti abweze mpando m'mbuyo, koma mpando sunasunthe. Atawerama anaona kuti zitsulo zimene mpandowo umayendapo zinali zitakankhidwira kutsogolo mpaka pamapeto, kenako n'kuwotchereredwa mbali zonse ziwiri. Pa zopondera za kilatchi, buleki ndi moto panali timatabwa tosemedwa bwino, tomangidwa ndi mphira za chubu.

"Ukuchedwa chiyani?" anafunsa a Macloud. Atasuzumira anatulutsa mpeni m'thumba. "Dula zinyalalazo tizipita. Mpandowo tikaugumula ku Monkey Bay."

Gilford analandira mpeniwo, koma sanadule. Anatuluka, n'kuzungulira kumbuyo kwa galimoto.

"Galimotoyi amayendetsa ndani?"

A Ajira anayang'ana anthu, kenako anayang'ana iye. "Ine."

Panamveka kuseka kwa mwamuna mmodzi, koma anakumeza msanga ataona kuti ali yekha.

"Miyendo itatupa, kilatchi inkawakanika," anapitiriza a Ajira. "Ndiye anati nsomba sizidikira munthu kuti achire, anayamba kundiphunzitsa pa bwalo la mpira la kusukulu, ana akaweruka. Ndinagunda golo tsiku loyamba, iwo n'kumangoseka. Titayamba maulendo, ndinkayendetsa ine. Tikayandikira pa rodibuloko, pamene apolisi amafunsa laisensi ndi ayufi makadi a chipani, tinkasinthana, iwo n'kudutsitsa atadzipinda, tikapitirira n'kundibwezera. Anthu pano sankadziwa, chifukwa potuluka ndi polowa m'mudzi chiwongolero ankagwira okha."

Gilford ankalidziwa bwalo limenelo. Nayenso anaphunzirira pomwepo ali mnyamata, ndipo ankakumbukira dzanja la bambo ake likugogoda pa ntchafu yake kuti asiye kilatchi pang'onopang'ono.

"Nanga mpandowu anauwotchereranji? Sukanangosuntha?"

"Ndinawafunsa zomwezo. Anati mpando wosuntha aliyense amakhalapo. Ankandikakamiza kuti tipite ku Zomba ndikatenge laisensi. Ine ndinkakana, ndinkati anthu andiseka, mkazi wa ku Katuli wosapita kusukulu pa chiwongolero. Ndinkati tidzapita mvula ikatha. Mvula inatha, ndinati tidzapita tikakolola. Ndikanawamvera, aphunzitsi. Ankadziwa kuti akupita, ine ndinkangoti adzachira."

Analira tsopano, osati kulira kwa pasiwa kokweza mawu kuja, koma kwa munthu amene watopa. Gilford naye misozi inalengeza. Anaganiza za matchuthi onse amene anakhala ku Dowa akusewera bawo pa sitolo, bambo ake akung'amba nsapato ndi mpeni. Akanabwera ngakhale kamodzi akanaona yekha, sipakanafunika womuuza. Ankadana ndi mayiyu poganiza kuti anabwera kudzadya za bambo ake, pamene mayiyu ndi amene ankawanyamula.

Anapinda mpeni n'kuubweza kwa a Macloud. Kenako anakweza manja, anatsitsa sutikesi ya malata, n'kukaiika pakhonde. Anabwerera kudzatenga ndowa.

"Iwe Gilford, ukutani?"

"Ndikutsitsa katundu, bambo."

"Wapenga? Mwambo tinamaliza dzulo. Mkazi ameneyu sanabereke mwana pakhomo pano. Galimoto ya achimwene anga ndi ya kubanja."

"Achimwene anuwo mpando anauwotcherera pa msinkhu wa munthu mmodzi. Inu ndi ine sitinawafunse ali moyo, ndiye tisawatsutse ali m'manda."

"Ukundiyankha ine? Iwe amene unawathawa bambo ako?"

"Ndinawathawa, inde," anatero Gilford. "N'chifukwa chake sindikufuna kuonjeza china. Ngati simukugwirizana nazo, tikakambe kwa DC. Koma amayi a chipani akamva kuti tinakutumula zovala za mkazi wamasiye pabwalo, mudzayankhe nokha."

Masiku amenewo mawu oti chipani ankaziziritsa ngakhale msilikali wakale. A Macloud anayang'ana amuna aja kufuna wowathandiza, koma amakaniko onse anali atayamba kuona zinthu zosangalatsa m'mitengo. A Macloud anamenya chitseko cha galimoto n'kupita kukakhala pansi pa mtengo wa mango, akulankhula okha kuti nkhaniyi sinathe. Ndipo sankanama. Nyumba inali pa malo a kubanja, abale ena anali asanamve, ndipo Gilford ankadziwa kuti kuchokera ku Dowa sadzatha kuletsa zonse. Chimene akanatha chinali cha lero lokha, ndipo chinabwera mochedwa kwa bambo ake amene akanakondwera nacho.

Atatsitsa mtolo womaliza, kumbuyo kwa galimoto kunatsala a Ajira ndi tayala lophwa lija. Gilford anatulutsa kiyi wa manati m'thumba, n'kuwapatsa ndi manja awiri pamodzi ndi kiyi wa galimoto.

"Amayi, tsikani. Tayalali tikamatitse kuboma kusanade. Simungapite ku Limbe opanda sipeya."

A Ajira anayang'ana makiyiwo nthawi yaitali asanawalandire. Anavala chingwe chija m'khosi, anatsika, anamanganso chitenje cholimba m'chiuno. Pa chitseko cha dalaivala anavula nsapato n'kuziika pansi pa mpando, ndipo atakhala mapazi awo anapeza timatabwa tija osafufuza. Aka kanali koyamba kuti anthu a m'mudzimo awaone pamenepo, ndipo palibe amene anaseka.

Gilford anazungulira mbali inayo. Mpando wa Pijo ndi umodzi, wautali ngati benchi, ndiye ukapita kutsogolo umapita wonse. Analowa movutikira, anadzipinda, mawondo ake n'kukagunda chitsulo cha kutsogolo, kunsi kwa galasi. Galimoto isananyamuke n'komwe, miyendo inali itayamba kale kumupweteka. Apa ndi pamene bambo ake ankakhala, munthu wamtali wa miyendo yotupa, ulendo wonse wa ku Limbe ndi kubwerera, pamsewu wa mabampu.

Anasuntha miyendo kuti aipendeketse, ndipo ndi pamene anaona. Pa chitsulocho panali malo awiri obulungira pamene penti inatha yonse, chitsulo chitasalala mpaka kuwala. Gilford anawakhudza ndi zala zake zosupuka zija. Injini inalira, a Ajira anaponda kilatchi n'kukoka giya. Iye anawongola miyendo yake, naika mawondo pa malo awiri aja, ndipo anakwanapo ndendende.